Musandimalizire Mawu

Lolemba, 5 Meyi

Lafika. Buku langa lafika!

Amkonzi anaimba m'mawa ndili pa makina odulira magalasi a maso. Ndinangoiyang'ana foniyo mpaka inaduka yokha, monga mwa masiku onse. Iwo pondidziwa anatumiza uthenga: makatoni atuluka kosindikiza, bwerani mudzaone mwana wanu. Nkhomaliro sindinadye. Ndinathamangira ku ofesi kwawo manja ali mbuu ndi fumbi la magalasi.

Anang'amba katoni ndi kiyi wa galimoto n'kundipatsa limodzi. Chikuto chobiriwira, chitseko cha malata chopendama, thaulo lili pamwamba pake. BAFA LA TONSE. M'munsi dzina langa, lonse, lopanda cholakwika. Ndinalinunkhiza, sindikudziwa chifukwa chake. Guluu ndi inki. Ndinatsegula pakati n'kupeza alandilodi a m'nthano yanga akukangana ndi anthu awo a lendi za sopo wosowa, mawu omwe aja ndinkalemba patebulo la kukhitchini, koma tsopano ataima mowongoka ngati a munthu wina.

Kenako Amkonzi anakhala pansi n'kuyamba nkhani imene ndimaiopa. Akuti kulemba kwatha, kwatsala kugulitsa. Loweruka tikakhazikitse bukuli ku shopu ya mabuku ya pafupi ndi positi ofesi. Kudzakhala atolankhani, pambuyo pake mwina wailesi. Anati anthu amagula buku akamumva mlembi wake akulankhula. Atatero anazindikira zimene anena, n'kuyamba kukonza mapepala a patebulo amene anali okonzakonza kale.

Ndinafuna kuwauza kuti ndiyesetsa. Ndinagwidwa pa "ndi".

Choseketsa n'chakuti dzina la bukuli ndinasankha ndekha. B, mdani wanga chiyambire sukulu. Munthu wachibwibwi n'kupatsa buku lake dzina loyamba ndi B. Papepala B ndi wofatsa, n'chifukwa chake ndinamuiwala.

Poweruka ndinadzera ku saluni kwa achemwali. Anasiya mutu wa kasitomala uli theka, analanda bukulo ndi manja a mafuta, n'kuzungulira nalo saluni yonse, kuonetsa ngakhale mayi amene anali m'chowumitsira tsitsi osamva kanthu. Za Loweruka anati ndisade nkhawa. "Iwe mwana ukangokhala phee n'kumasaina. Pakamwa ndi ine."

Mwanayo ndili ndi imvi. Koma mtima unakhala pansi, n'kubisirenji.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndapita nalo kuntchito m'chikwama. Ndimangolitulutsa kuona ngati dzina likadalipo.

Abwana andigwira. Analitembenuza uku ndi uku, anavula magalasi awo n'kuvala ena, akuti zaka zonsezi ndimangoti duu kuseri kuno, kani ndimawalemba? Ndinapukusa mutu. Anaoneka okhumudwa kuti mulibemo dokotala wa maso.

Masana ndapeza aliika pakauntala pakati pa mafelemu. Aliyense wodzatenga magalasi atsopano akumuyesa maso ndi tsamba loyamba. Kakhadi ka zilembo koyesera maso akaponya m'dirowa.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndayesa kuwerenga mokweza. Ndili ndekha m'nyumba mawu amayenda ngati madzi, ndingathe kuwerengera khoma mutu wonse. Vuto limayamba pakakhala khutu la munthu.

Alamu anabwera kudzakonza mpopi wa kukhitchini, atumidwa ndi akazi awo. Anandipeza ndikuwerengera firiji. Anati ndipitirize, iwo ali pansi pa sinki sakundiona. Ndinayesa. Mzere woyamba bwinobwino, wachiwiri ndagwidwa pa "pamzere". Milomo gwa. Pansi pa sinki sipanala inaleka kulira. Anangodikira mpaka P anatuluka yekha, ndipo sipanala inayambanso.

Alamu ndi munthu mmodzi yekha amene sanandimalizirepo mawu. Mwina chifukwa kunyumba kwawo nawonso sapatsidwa mpata womaliza awo.

Potuluka anandiululira kuti achemwali ali pa mutu wachitatu chiyambire Lolemba. Akuti akangotsegula, tulo.

Loweruka, 10 Meyi

Anthu anadzaza shopu tho, ena anaima panja kusuzumira pawindo. Mipando inachepa, mwini shopu anachita kukabwereka mabenchi kumalo odyera a pafupi. Abwana anabwera atamanga tayi. Makasitomala a achemwali anatenga mzere wonse wakutsogolo, mitu yatsopano yokhayokha, fungo la mafuta a tsitsi kuposa la mabuku.

Amkonzi analankhula bwino, mwachidule. Atandiitana ndinaimirira, ndinagwira maikolofoni, ndinatsegula pakamwa. Moni yekha anakanirira pakhosi. Sindikudziwa kuti ndinaima choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva dzanja la achemwali paphewa, maikolofoni yapita, ine ndakhala pansi pakona.

Kunena zoona anawerenga bwino. Mutu woyamba, mzere wa kubafa m'mawa, aliyense ndi ndowa yake. Mawu a alandilodi anawatengera ndendende, mpaka katsokomoledwe. Anthu anaseka, mayi wina mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Ine mtima uli m'malere. Akuseka zanga! Nthabwala zimene ndinkaseka ndekha kukhitchini.

Zinavuta pa mafunso. Wina anafunsa kuti bukuli likunena chiyani kwenikweni. Ndinatambasula dzanja kuti ndiyese, koma achemwali anali atayamba kale. Akuti ndi buku lophunzitsa ukhondo, makamaka kwa amayi. Ukhondo. Ine ndalemba za mabanja amene akuchotsedwa pamalo pamene anakulira chifukwa pagulitsidwa, anthu otukwanana tsiku ndi tsiku koma osadziwa kukhala popanda anzawo, iwo akuti ukhondo. Wina anafunsa ngati alandilodi amalangidwa pamapeto. Anati eya, kwambiri, gulani muone. Salangidwa ayi. Ndi amene munthu umawalirira potseka buku.

Amkonzi anayang'ana kudenga. Alamu anayang'ana nsapato.

Kumbuyo kwenikweni kunaima bambo wina wamtali wa chipewa. Analowa mochedwa, achemwali akuwerenga kale, pamodzi ndi womujambulira zithunzi. Sanaseke, sanaombe m'manja. Mafunso atangotha anagula buku pakauntala n'kutuluka, osadikira kusainitsa. Amkonzi anandinong'oneza kuti ndi Lumo, uja amaunika mabuku m'nyuzipepala ya Lamulungu. Dzinalo anamupatsa ndi alembi amene anawameta.

Koma mabuku onse amene tinabweretsa anatha. Onse. Ndinasaina mpaka chala kutupa.

Lamulungu, 11 Meyi

Chala chikupweteka. Ndikuchinyadira.

Lachitatu, 14 Meyi

Shopu yaitanitsa ena. Amkonzi atumiza uthenga wodzaza tizithunzi ta manja akuomba.

Achemwali atenga katoni yathunthu kupita nayo ku saluni. Ayamba kugulitsa munthu ali pampando, tsitsi ataligwira. Ungakane bwanji mutu wako uli m'manja mwa munthu? Akuti mpaka wobweretsa mafuta a tsitsi wachoka nalo limodzi osafuna.

Kwathu kuntchito bambo wina wachikulire anapatsidwa tsamba loyamba kuti ayese magalasi. Abwana anafunsa ngati akuona bwino, iye osayankha. Anafunsanso. Bamboyo anangokweza dzanja kuti adikire, n'kukakhala nalo pabenchi. Ndinkamusuzumira pakabowo ka pachitseko changa. Mapewa ake ankagwedezeka. Galasi limene ndinkadula ndinalisiya kaye, kuopa kuliononga.

Za ukhondo zija zikundilasabe mumtima. Sindinawauze achemwali. Ndiyambira pati?

Lamulungu, 18 Meyi

Ndinalawirira kwa wogulitsa nyuzi pamphambano. Ndinawerengera pomwepo, choimirira, njinga zikundiimbira belu.

Lumo sanandimete. Tsamba lathunthu! Akuti analitsegula akufunafuna pogwira, anapezeka waima pamzere wa kubafa ndi ndowa m'manja, ndipo sanafune kuchokapo. Akuti mlembiyu ali ndi khutu: anthu ake amadulana mawu, amanama, amasiya nkhani panjira ngati anthu amoyo. Wadandaula kuti mutu wa kukhoti ndi wautali. Akunena zoona, Amkonzi anandiuzanso, ine ndinakakamira. Koma akuti chaka chino sanawerenge nthano ina yoposa imeneyi. Ndinawerenga mzere umenewo mobwerezabwereza mpaka wogulitsa nyuzi anafunsa ngati ndaona dzina la m'bale wanga pa za maliro.

Kenako ndinaona chithunzi. Achemwali, maikolofoni m'manja, pakamwa yasa, ndolo zikuwala. M'munsi mwake dzina langa.

Ndime yomaliza ndiikopera pano kuti ndisadzaganize kuti ndinalota. "Chondidabwitsa n'chakuti mlembiyu salimvetsa buku lake. Pokhazikitsa anatiuza kuti ndi la ukhondo. Musamumvere. Werengani bukulo, ndi lanzeru kuposa mwini wake."

Ndinapita kwa achemwali osadzera kunyumba. Ndinapeza adula kale tsambalo, alimata pafiriji. Akuti anzawo akuimba foni chiyambire m'mawa, ndipo taona mmene andijambulira, ngati wa pakanema. Ndime yomalizayo sanafike.

Ndinati, "Achemwali, ndikufuna mu… mu…"

"Muitanitse katoni ina? Ndawauza kale."

"Ayi. Mu…"

"Mukathokoze a nyuzi? Tipita limodzi mawa."

Ndinamenya tebulo. Makapu anadumpha, tiyi anatayikira pansalu. Sindinachitepo chibadwire. Alamu, amene ankapaka buledi majarini, anati chapansipansi, "Amayi, mulekeni amalize."

Ndinamaliza. Zinatenga nthawi, nkhope yonse ikutentha, koma ndinamaliza. Musiye kundilankhulira.

Achemwali anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe, n'chimene chinapweteka. Anandifunsa kuti amene ankamenya ana ondiseka kusukulu anali ndani. Amene anapita kwa dokotala wa maso kukandipemphera ntchito ndani. Mayi akudwala, amene ankathamanga m'makonde a chipatala kulankhula ndi anamwino ine ndili duu pabenchi ndani. Zonse zoona. Ndinawaonetsa ndime ija ndi chala. Anawerenga milomo ikugwedera. Kenako anachotsa tsambalo pafiriji, analipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Chabwino. Pakamwa pako ndi pako."

Ndabwerako wapansi. Tsiku limene ndakhala ndikulota moyo wanga wonse, ndipo ndalira njira yonse.

Lolemba, 19 Meyi

Amkonzi ali kumwamba ndi chimwemwe. Akuti foni ya ku ofesi siinapume, mashopu amene ankawakana mwezi watha akuimba okha. Za chithunzi alembera a nyuzi kuti akonze.

A wailesi andiitana Loweruka masana, pulogalamu ya mabuku. Imaulutsidwa pompopompo, anthu n'kumaimba foni. Amkonzi andipatsa njira ziwiri, mosamala ngati akuyenda pa mazira: tijambuliretu mawu n'kudula mogwidwa monse, kapena apeze munthu wa zisudzo akawerenge m'malo mwanga.

Ndayankha pa uthenga kuti ndipita ndekha, pompopompo, osadula kanthu. Nditangotumiza ndinafuna kuubweza. Unali utawerengedwa kale.

Anayankha kuti, mukutsimikiza? Sindikutsimikiza. Koma Lumo walemba kuti ndine chitsiru chimene chalemba buku lanzeru mwangozi, ndipo amene angakonze zimenezo si munthu wa zisudzo.

Lachitatu, 21 Meyi

Achemwali zii. Masiku onse amatumiza mauthenga a mawu ataliatali, za makasitomala, za msana wawo, za alamu. Foni yanga yangokhala ngati yakufa.

Ndinadutsa tsidya lina la msewu poweruka. Anali atakhala pampando wa makasitomala, atapereka msana kukhomo, atsikana awo akugwira ntchito. Achemwali kukhala pansi masana? Sindinaoloke.

Abwana akuti Loweruka atseka shopu msanga kuti akamvere. Ndinawapempha kuti asatero. Auza kale ndi akazi awo omwe.

Lachisanu, 23 Meyi

Mawa. Chakudya chikukana. Ndawerengera firiji mpaka nayo yatopa.

Loweruka, 24 Meyi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Muulutsi ndi mtsikana wochepa thupi, wolankhula ngati mvula ya matalala. Tisanalowe ndinamuimitsa pakhonde n'kumuuza zinthu ziwiri, ndi pakamwa panga: ndili ndi chibwibwi, ndipo musandimalizire mawu. Anaseka mwamantha. Akuti pawailesi mdani wamkulu ndi zii, omvera amaganiza kuti magetsi azima n'kusintha siteshoni. Anafunsa kuti ndikagwidwa iye achite chiyani. Ndinati adikire basi.

Kachipinda kozizira, makoma ofewa ngati matiresi. Kuseri kwa galasi kunali bambo woyendetsa makina, wa ndevu, akutafuna chingamu. Amkonzi anaima pambali pake atagwira chikwama pachifuwa ngati wina akufuna kuwalanda. Nyali yofiira inayaka.

Mtsikanayo anandilandira, anatchula dzina langa, n'kufunsa funso losavuta kuposa onse. Buku lanuli dzina lake n'chiyani?

B anandigwira pomwepo. Milomo yamatana, mpweya ukukankha, osatuluka. Bambo wa makina analeka kutafuna. Anayamba kuzungulitsa chala m'mwamba, kuuza mtsikanayo kuti alankhule kapena aike nyimbo. Ndinaona "ba" atafika pamilomo ya mtsikanayo. Anamumeza. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse n'kundiyang'ana m'maso. Mawailesi onse, m'nyumba, m'magalimoto, m'masitolo, ali zii chifukwa cha ine.

Kenako chitseko cha pakamwa chinatseguka. "B-b-bafa la Tonse." Ndipo sindikudziwa kuti zinachokera kuti, ndinangomva ndikuwonjeza: "Pepani omvera, mu-munali munthu m'bafamo. Ndimadikira atuluke."

Bambo wa makina chingamu chinamuthawa m'kamwa. Mtsikanayo anaseka mpaka kugunda maikolofoni ndi chipumi. Kuyambira pamenepo mantha anachepa. Chibwibwi sichinachoke, ndinagwidwa pa P, pa M, ngakhale pa K amene sandivutitsa masiku onse. Koma ndikagwidwa iye ankadikira, ine n'kutuluka, n'kupitiriza. Ndinanena zimene bukuli likunena. Ndinanena za malo a lendi amene ndinakulira, kuti munthu amene salankhula amamva zambiri, anthu amayankhula pamaso pake ngati palibe munthu. Ndinawerenga tsamba limodzi ndi theka. Ndikalowa m'mawu a alandilodi ndimagwidwa pang'ono chabe, mwina chifukwa iwo saopa munthu.

Mafoni anayamba. Mayi wina akuti bafa limenelo ndi la pamalo pawo, ndinalidziwa bwanji kuti loko wake ndi msomali wopinda. Mphunzitsi wina anafunsa kumene angapeze ambiri. Kenako bambo wina, mawu okhuta, anati bwanji a wailesi osapeza munthu wolankhula bwino kuti atiwerengere, nthawi ikungotha. Mtsikanayo nkhope inagwa, dzanja linapita pa batani. Ndinamukodola kuti asadule.

"Bambo, n'chifukwa chake ndinalemba. B-bukulo lilibe chibwibwi. Kaguleni."

Amkonzi kuseri kwa galasi anaponya chikwama m'mwamba.

Foni yomaliza, moni yekhayo ndinawazindikira. Kumbuyo kwawo chowumitsira tsitsi chikulira.

"Ine ndine mkulu wake wa mlembiyo. Chithunzi chinatuluka m'nyuzi chija ndi changa, si chake. Za ukhondo zija ndinanena ndine, ndisanawerenge. Tsopano ndamaliza, ndipo ndili ndi funso. Iwe mwa… amlembi. Mayi wosoka uja, bwanji mwamuchotsa m'bandakucha osatsanzika alandilodi? Anthu akondana mobisa zaka zonsezo. Zandipweteka ine."

Ndinayamba kuyankha, ndinagwidwa pa "chi". Ndinagwidwa kwambiri kuposa pa B paja. Ndinkamva kupuma kwawo m'makutu mwanga. Ndinamva wina mu saluni akunong'ona, iwo n'kumuletsa ndi kamluzu. Ndikuwadziwa achemwali, mayankho atatu anali atafola kale palilime. Sanatulutse ngakhale limodzi.

"Chifukwa akanatsanzika, sakanachoka."

Kenako anati, "Hm. Nkhanza zako basi." N'kudula.

Nyali itazima bambo wa makina anatuluka n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Akuti wagwira ntchito imeneyi kuyambira ali ndi tsitsi, zii wotalika choncho sanamulolepo, koma lero mafoni anayaka onse. Amkonzi anandikumbatira mpaka magalasi anga kupindika. Ndikawongola Lolemba, ntchito yake ndi yanga yomwe.

Lamulungu, 25 Meyi

A nyuzi akonza. Kachithunzi kakang'ono ngati sitampa, ine maso ali otseka. Koma ndi ine. Lumo nayenso walemba timizere pansi pa nkhani ya buku la munthu wina. Akuti anasokoneza ine ndi achemwali, wapepesa, anamvera wailesi dzulo ndipo wabweza mawu ake: buku ndi mwini wake n'ngofanana nzeru. Koma mutu wa kukhoti ukadali wautali. Munthu ameneyu!

Masana ndinapita kwa achemwali. Sitinakambe za sabata yatha. Anangoyang'ana mutu wanga n'kunena kuti mwamwayi wailesi ilibe maso. Anandikhazika pampando wa kukhitchini n'kuyamba kupesa. Ndinkawafotokozera za situdiyo. Ndikagwidwa, chipeso chinkaima. Ndinawaona pagalasi la kabati, masaya atatupa, milomo ataluma, ngati munthu amene waika mbatata yamoto m'kamwa pamaso pa alendo. Kamodzi analephera, anandimalizira, ndipo analondola. Tinaseka tonse. Alamu anati ndiwapatse nthawi, matenda ake ndi akale.

Akufuna kudziwa ngati mayi wosoka adzabwerere. Ndati sindikudziwa. Akuti ndiye ndani angadziwe?

Lachitatu, 28 Meyi

Akusindikizanso! Makope oyamba atsala ochepa m'nyumba yosungira. Amkonzi anaimba, ndipo ndinayankha foni. Anayamba ndi kufunsa kuti akulankhula ndi ndani.

Afunsa ngati ndikufuna kufupikitsa mutu wa kukhoti posindikiza kachiwiri. Ndati ayi. Lumo apirire.

Nkhani ina: kuli chionetsero cha mabuku kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Okonza anamvera pulogalamu ija, akufuna ndikakhale pagulu la alembi okambirana pamaso pa anthu. Amkonzi adzatsogola ndi makatoni. Abwana andipatsa tchuthi, malinga ndikatchule shopu yawo.

Nditawauza achemwali anafunsa kuti tinyamuka liti, atseke saluni. Ndinati ndipita ndekha. Anayang'ana lumo limene linali m'manja mwawo nthawi yaitali. Kenako anati nsapato zanga zonse n'zochititsa manyazi, nditenge zawo zakuda zija.

Lachisanu, 6 Juni

M'basi. Zilembo zikupotoka, msewu ndi wa maenje.

Achemwali ndi alamu anandiperekeza ku depoti. Tikiti ndinagula ndekha pawindo, mzere wautali kumbuyo kwanga ukung'ung'udza, ine osatekeseka. Achemwali anaima patali atapinda manja, osayandikira. Pobwera ndinapeza agulitsa kale buku kwa kondakitala. Andipatsa mazira owiritsa okwanira basi yonse. Nsapato zikundithina.

Pambali panga pakhala namwino, akupita kwawo kutchuthi. Titangotuluka mumzinda anafunsa kumene ndikupita. Ndinamuuza. Anafunsa kuti kukatani, ndinamuuzanso. Ndinatulutsa buku, anayamikira chikuto. Ndinamufotokozera za alandilodi ndi mayi wosoka, za Lumo ndi chipewa chake, za chithunzi, za bambo wa chingamu. Ndikagwidwa ankadikira bwinobwino, anamwino ndi anthu opirira. Ndinamupatsa dzira. Ndinaona kuti magalasi ake ndi opendama, ndinamuwongolera, n'kumufotokozera mmene timadulira galasi kuti likwane mu felemu. Kenako ndinayamba za buku lachiwiri, limene sindinauzepo munthu, la anthu odikira pabenchi la kwa dokotala wa maso.

Titaoloka mlatho waukulu anandigwira pamkono.

"Amayi, pepani. Koma ndiye mumalongolola. Ndingagoneko pang'ono?"

Ndinapepesa, n'kutembenukira kuwindo msanga kuti asaone mano. Chibadwire palibe anandiuzapo mawu amenewo.

Wagona, wafunda juzi kumutu. Akadzuka ndimuyambira mutu wachiwiri.